Mawu awiri amene ananditengera milungu iwiri

Aphunzitsi athu a zofalitsa nkhani anatipatsa ntchito yooneka yopepuka: aliyense asankhe nyimbo imodzi yotsutsa nkhondo kapena nkhanza, afufuze chomwe chinaiyambitsa, alembe masamba atatu. Ine ndinasankha "Hind's Hall" ya Macklemore, woyimba hip hop wa ku Seattle, ku America, chifukwa mnzanga wa chipinda chimodzi ankaiika pafoni yake kawirikawiri. Ndinkati usiku umodzi ndithana nayo, pakuti nyimboyo sikwana n'komwe mphindi zitatu. Zinanditengera milungu iwiri, ndipo nthawi yambiri inathera pa mawu awiri a mutu wakewo.

Ndinayamba ndi Hind. Pa 29 Januwale 2024, kamtsikana kotchedwa Hind Rajab kanali m'galimoto ndi achibale ake asanu ndi mmodzi, akuthawa nkhondo m'dera la Tel al-Hawa mumzinda wa Gaza. Galimotoyo inawomberedwa. Msuweni wake Layan, wazaka 15, analankhula pafoni ndi a bungwe lothandiza ovulala la Palestine Red Crescent kuwauza kuti kasinja ali pafupi, kenako mfuti zinalira ndipo mawu ake anathera pomwepo. Hind anatsala yekha wamoyo, pakati pa mitembo ya abale ake, akupempha pafoni kwa maola pafupifupi atatu kuti abwere adzamutenge. Ambulansi inanyamuka ndi anthu awiri, Yousef Zeino ndi Ahmed al-Madhoun. Pa 10 Febuluwale, patapita masiku 12, onse anapezeka atafa, ambulansi ili yophwasukaphwasuka chapafupi ndi galimoto ija. Asilikali a Israel anati tsiku limenelo kunalibe asilikali awo m'deralo, koma akatswiri a Forensic Architecture ku London atafufuza anawerenga mabowo a zipolopolo 335 pagalimotoyo, nati umboni ukuloza kasinja wa Israel.

Mawu a mwanayo anajambulidwa, ndipo ndinawamvera usiku, zomvera zili m'makutu, kope lili pamwendo. Chiarabu sindimva. Komabe mwana akamaopa mdima simufunika womasulira. Ndinatseka kope osalemba kanthu, ndipo m'mawa mwake ndinali ndisanakonzeke kuyambiranso. Ntchito itayambiranso ndinakumana ndi vuto loyamba la wofufuza: nkhani zoyambirira zinkati anali wazaka 6, zotsatira n'kumati 5. Ndinafuna kungosankha imodzi, koma aphunzitsi anandiuza kuti, "Lembani zonse ziwiri, munene kuti ndani ananena chiyani komanso liti." Apo ndipo ndinayamba kulemba deti pambali pa mfundo iliyonse.

Mawu achiwiri, Hall, ndi amene anandidabwitsa kwambiri. Pa 17 Epulo 2024 ophunzira a Columbia University ku New York anamanga matenti pabwalo la sukulu yawo, kukakamiza akuluakulu kuti achotse ndalama za sukuluyo m'makampani amene amapindula ndi nkhondo ya Israel ku Gaza. Tsiku lotsatira apolisi anamanga oposa 100. M'bandakucha wa pa 30 Epulo ena analowa m'nyumba yotchedwa Hamilton Hall, nadzitsekera mkati, n'kupachika chinsalu cholembedwa dzina latsopano: Hind's Hall. Usiku womwewo apolisi anawatulutsa. Pasanathe mlungu nyimbo ija inali paintaneti.

Ine ndinkayesa kuti nyumbayo anangoisankha poti inali pafupi. Ayi ndithu. Mu 1968 ophunzira anadzitsekera m'nyumba yomweyo potsutsa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo apolisi anabwera kudzawachotsa pa 30 Epulo, deti lomwelo. Mu 1985 ophunzira anamanga zitseko zake ndi unyolo kwa pafupifupi milungu itatu, naitcha Mandela Hall, pofuna kuti sukulu ichotse ndalama zake m'makampani ochita malonda ndi boma latsankho la South Africa. Chaka chisanathe, Columbia inavomera. Nditawerenga izi ndinaika foni pansi. Nthawi imene Nelson Mandela anali m'ndende, agogo athu ena atangobwerako kumene ku migodi ya ku Joni, ana asukulu a ku New York ankagona pakhomo chifukwa cha anthu a kuno kummwera kwa Africa omwe sanawaonepo. A 2024 aja ankadziwa mbiri imeneyi, ndipo posintha dzina la nyumba ankabwereza mwadala zomwe akulu awo anachita.

Nyimbo yeniyeniyo imayambira pa kayimbidwe ka Fairuz, mayi wa ku Lebanon amene mawu ake amadziwika m'maiko onse a Chiarabu. Pamwamba pakepo Macklemore akuikira kumbuyo ophunzirawo, akudzudzula apolisi, akuuza Joe Biden, pulezidenti wa America panthawiyo, kuti sadzamuvotera, komanso akufunsa oyimba anzake chifukwa chomwe akhalira chete. Analonjeza kuti ndalama zochokera kunyimboyo zipita ku UNRWA, nthambi ya United Nations yothandiza othawa kwawo a ku Palestine kuyambira 1949. Ndimaikonda, ndipo ndili kumbali ya ophunzirawo. Koma nyimbo si buku. Za pa 7 Okutobala 2023, pamene gulu la Hamas la ku Gaza linapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel n'kugwira ena pafupifupi 250, ndinayenera kukaziwerenga kwina, ndipo ndinazilemba m'ntchito yanga chifukwa nawonso anali ana a anthu.

Tsiku lofotokoza m'kalasi linali lotentha. Mnzathu wina anaimirira nati Israel ndi mtundu wa Mulungu, sitiyenera kuuweruza. Wina anati mchimwene wake ali ku minda ya ku Israel, m'gulu la achinyamata amene anayamba kupita kumeneko chakumapeto kwa 2023, ndipo ndalama zomwe amatumiza ndi zimene zikumulipirira sukulu. Sindinamutsutse, chifukwa ndi zoona, monganso zili zoona kuti Malawi anatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu Epulo 2024, mwezi womwewo wa matenti aja, pamene South Africa inali itasumira kale Israel pa nkhani ya Gaza ku khothi lalikulu la dziko lonse ku The Hague. Ndinangopempha kuti tonse timvere mphindi imodzi ya mawu a Hind. Aphunzitsi analola. Itatha, palibe anakweza dzanja kwa kanthawi ndithu, mpaka mtsikana wa kumbuyo anafunsa chapansipansi ngati mayi ake a mwanayo ali moyo. Ndinamuyankha kuti inde, iwo sanali m'galimotomo.

Pepala langa linabwera ndi funso limodzi la inki yofiira kumapeto: "Nanga anthu amenewa anakhala bwanji othawa kwawo?" Ndiye mlungu uno ndabwerera ku laibulale, ndayambira pa 1948.