Chauimitsa mpira n'chiyani?

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9. Tsiku lina madzulo tinkamenya mpira pa kapinga, ndipo nditaumenya unagubuduka pang'ono n'kukaima. Iye anacheuka n'kundifunsa kuti, "Ababa, chauimitsa n'chiyani?" Ndinangoyankha kuti mphamvu ya mwendo wanga yatha. Anakhutira n'kuthamangira mpira uja. Koma ine yankholo linandisowetsa mtendere mpaka usiku, chifukwa ndinamusiya akuganiza kuti chinthu choyenda chimatopa chokha ngati munthu.

Maganizo amenewo ndi akale kwambiri. Aristotle, katswiri wa maganizo wa ku Greece wakale, ankaphunzitsa kuti chinthu chimayenda pokhapokha ngati pali chochikankha, ndipo anthu ophunzira anakhulupirira zimenezi kwa zaka pafupifupi 2,000. Sindiwaimba mlandu, pakuti maso amaoneka ngati akuvomereza: ukasiya kukankha wilibala, imaima pomwepo. Galileo, wasayansi wa ku Italy, ndiye anakayikira. Ankagubuduza timipira pa matabwa otsetsereka, ndipo anazindikira kuti njira ikasalala kwambiri, kampira kamafika patali kwambiri. Nanga njirayo itasalaliratu, popanda chokhula chilichonse? Ndiye kuti sikangaime. Mu 1687 Isaac Newton, wasayansi wa ku England, analemba mfundoyi ngati lamulo lake loyamba la kayendedwe ka zinthu: chinthu choima chimakhalabe chiimire, choyenda chimapitirira molunjika pa liwiro lomwelo, mpaka china chake chichikankhe kapena kuchikoka.

M'mawa mwake ndinamuitana. Tinagwada pa kapinga, nkhope pafupi ndi nthaka, ndipo ndinaukankha mpira pang'onopang'ono. Tinaona timasamba ta udzu tikugonja pansi pake, kenako n'kudzukanso mpira utadutsa. Kasamba kalikonse kankaukankhira mpira m'mbuyo pang'ono chabe, koma timasambato n'tosawerengeka. Kenako tinalowa m'nyumba, pa simenti yosalala. Ndinaukankha mofanana ndi poyamba, ndipo unadutsa chipinda chonse mpaka kukagunda khoma. Mwanayo anakhala chete kanthawi, n'kunena kuti, "Ndiye ndi udzu uja."

Ndinamuuza za Voyager 1, chombo cha m'mlengalenga chimene chinanyamuka pa dziko mu 1977. Chilibe injini yochikankhira kutsogolo, koma mpaka lero chikuthamanga pafupifupi makilomita 17 pa sekondi iliyonse, chifukwa kumene chili kulibe udzu kapena mpweya wochikhula. Iye anaseka kuti n'zosatheka. Inenso ndikaganizira bwino zimandizizwitsa.

Chifukwa chenicheni chimene ndinaikira mtima pa nkhaniyi ndi galimoto. Mwanayu sakonda lamba wa pampando, amati umamuthina pakhosi. Koma galimoto ikamathamanga makilomita 60 pa ola, thupi la aliyense amene ali mkatimo likuthamanganso makilomita 60 pa ola, ngakhale munthuyo atakhala phee akusinza. Mabuleki amagwira matayala, sagwira munthu. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, thupi limapitirira ndi ulendo wake mpaka likumane ndi choliimitsa, kaya ndi mpando wakutsogolo, kaya ndi galasi. Anthu timati "ndinaponyedwa kutsogolo", chonsecho palibe amene watiponya. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Woyendetsa aliyense ndikanakonda atamaikumbukira nambala imeneyi asanaponde mafuta.

Patatha masiku angapo tinali pa ulendo, ndipo galu anadumphira mumsewu. Ndinaponda mabuleki mwamphamvu. Botolo la madzi limene linali pampando wakumbuyo linauluka n'kukagwera kumapazi kwanga. Ndinacheuka mtima uli phaphapha. Mwanayo anali pamalo pake, atagwira lamba pachifuwa ndi manja onse awiri, maso ali pa botolo lija. Sanalire. Anangoti, "Ababa, botolo lija linalibe choliimitsa ngati ine, eti?" Ndinatola botololo n'kumupatsa, ndipo analikhazika pampando wapambali pake n'kulimanga lamba.