Mawu akuti belittle ndi munthu amene anawayambitsa

Anzanga amene mwangofika kumene kuno ku UK kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, mawu a Chingerezi akuti belittle muwadziwe msanga. Tanthauzo lake ndi kupeputsa munthu, kumuchititsa kudziona wachabechabe, kapena kuchepsa zimene wachita. Si kutukwana ayi. Munthu amatha kukupeputsa uku akumwetulira, osakweza mawu n'komwe.

Kuntchito kwathu ku Leeds kuli agogo ena amene anadwalapo sitiroko. Tsiku lina anadzimangira okha mabatani a juzi, manja akunjenjemera, batani lililonse akuchita kulimbana nalo. Mnzathu wina atalowa anangoti, "Nthawi yonseyi mwangomanga mabatani basi?" Agogowo anangozyolika, ndipo m'mawa mwake anakana kuyesanso. Polemba lipoti la nkhani yotere mumati she belittled her efforts, kunena kuti anapeputsa khama la agogowo. Mawuwa amatsatana ndi munthu, khama lake kapena zimene wakwanitsa. Mukangolemba kuti anachita mwano, akuluakulu adzafunsa kuti anatukwana chiyani, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amene amadziwika kuti anayamba kulemba mawu akuti belittle ndi Thomas Jefferson, yemwe pambuyo pake anakhala pulezidenti wachitatu wa America. Mawuwo ali m'buku lake la Notes on the State of Virginia, losindikizidwa mu 1785. Ankatsutsana ndi Buffon, katswiri wa zachilengedwe wa ku France, amene ankati nyama za ku America n'zazing'ono komanso zofooka poyerekeza ndi za ku Ulaya. Zinamuwawa kwambiri Jefferson moti anaitanitsa chikopa ndi mafupa a moose, chinyama chachikulu cha nyanga zotambalala, kuchokera ku New Hampshire mpaka ku Paris kuti Buffon adzionere yekha, ndipo zinafika mu 1787. Chaka chomwecho magazini ina ya ku London inanyoza mawu atsopanowo.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti m'buku lomwelo Jefferson analemba kuti akuganiza kuti anthu akuda ndi otsika nzeru poyerekeza ndi azungu. Nyama za kwawo anaziikira kumbuyo mpaka kuwolotsa mafupa panyanja, koma anthu amene ankamulimira minda ku esiteti yake ya Monticello anawapeputsa ndi cholembera chomwecho. Pa moyo wake wonse anasunga akapolo oposa 600.