Canter yanga itayamba kumwa oyilo: momwe tinafufuzira tisanatsitse injini

Lole yanga ndi Mitsubishi Canter ya injini ya 4D34 yokhala ndi turbo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini. Ndimanyamula tomato ndi masamba kuchokera ku Mutoko kudzatula pa Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kupita kokha. Kale oyilo ndinkathira pomusintha basi, mwina kuwonjezerako pang'ono pakati. Kenako ndinayamba kuona kuti ndikapita ku Mutoko n'kubwerako, oyilo watsika moonekeratu. Anzanga a pa Mbare sanachedwe kugamula mlandu: "Achimwene, maring'i a mapisitoni atha amenewo, tsitsani injini." Kutsitsa injini ya dizilo muno mu Harare ndi madola ambirimbiri, komanso lole ikagona pa galaja alimi sadikira, tomato amaola, amapeza galimoto ina. Ndiye ndinati ndidziwe kaye kumene oyiloyo akupita.

Ndinayamba ndi kuyeza, chifukwa kungonena kuti "ikumwa kwambiri" sikuthandiza makaniko aliyense. Ndinasankha malo amodzi athyathyathya pabwalo, ndipo nthawi zonse ndinkayezera pomwepo, injini itazima kwa mphindi khumi kapena kuposerapo kuti oyilo atsikire mu sampu, chibeseni cha pansi pa injini chomwe amakhalamo. Ndinadzaza mpaka pamzere wapamwamba, n'kulemba makilomita m'kope. Pobwerako ndinkathira ndi kajagi kolembedwa miyezo mpaka afikenso pamzere womwewo. Zinatuluka kuti ikutha pafupifupi lita imodzi pa makilomita 300. Injini ya dizilo yabwinobwino imadyako oyilo pang'ono, koma osati chonchi.

Oyilo sasowa ngati kuti wabedwa. Amadontha pansi, kapena amapsa n'kutuluka ndi utsi, kapena amalowa m'madzi a mu rediyeta. Njira yachitatuyi ndi yosavuta kuiona, choncho ndinathana nayo m'mawa womwewo injini ili yozizira. Ndinatsegula chivundikiro cha rediyeta: madzi anali oyera, opanda mafuta oyandama. Kunsi kwa chivundikiro cha pothirira oyilo kunalibe thovu lotuwa lija lomwe limasonyeza kuti madzi asakanikirana ndi oyilo. Ndinanunkhizanso oyiloyo, sankamveka dizilo. Apa ndinapumirako, chifukwa oil cooler (choziziritsira oyilo) kapena gasiketi ya hedi zikadakhala zitaboola, zizindikiro zikadaonekera pamenepa.

Za kudontha zinatenga nthawi. Injini yakale imakhala yakuda paliponse ndipo sungadziwe kuti oyilo watsopano ndi uti. Ndinaitsukitsa, titakuta alternator ndi polowera mpweya ndi mapulasitiki, kenako ndinayala katoni pansi usiku wonse. M'mawa panali timadontho tiwiri tating'ono. Ndinakweza kebini n'kuyamba kulondola ndi tochi kuchokera pamwamba kutsika pansi, popeza oyilo amayenderera chotsika ndipo pamene wadonthera sipakhala pamene watulukira. Gasiketi ya chivundikiro cha matapeti inkanyowa pakona imodzi. Payipi ya oyilo yopita ku vacuum pump, kumbuyo kwa alternator, inkachita chinyezi pa kilampu. Pozungulira fyuluta, pa bawuti yotulutsira oyilo, kutsogolo kwa crankshaft ndi pakati pa injini ndi giyabokosi panali pouma.

Ena amati mwina imadontha ikamayenda pokha. N'zotheka, koma tawerengerani. Lita imodzi ili ndi madontho pafupifupi 20,000, ndipo makilomita 300 pa lole yolemedwa ndi ulendo wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Kuti lita ithe podontha, payenera kugwa dontho limodzi pa sekondi iliyonse ulendo wonse. Kudontha kotere kumapaka chesisi, giyabokosi ndi difu, ndipo fumbi limakangamira ponseponse mpaka ku chitseko chakumbuyo. Kunsi kwa lole yanga kunalibe zimenezo. Oyiloyo ankapsa.

Apa m'pamene ndinapita ku Gazaland ku Highfield, muno mu Harare, kwa madala ena omwe akhala akukonza injini za dizilo kuyambira ine ndisanagwire chiwongolero. Bambo awo anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha m'ma 1953 mpaka 1963, ndipo iwo anabadwira konkuno, koma Chichewa chawo sichinasweke. Nditawaonetsa kope lija anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Mwana wanga, wandichepetsera ntchito. Tailiza, ine ndiime kumbuyo."

Utsi uli ndi mitundu yake. Wakuda ndi dizilo wochuluka kapena mpweya wochepa. Woyera ndi madzi, kapena dizilo wosapsa bwino injini ikazizira. Wa oyilo ndi wabuluu motuwira, ndipo fungo lake limakanda kukhosi. Koma madalawo sankangoona mtundu, ankaona nthawi imene ukutuluka. Utsi wabuluu wotuluka pongoliza m'mawa kenako n'kutha umaloza ku masilo a mavavu, chifukwa oyilo amatsikira m'masilinda usiku. Wotuluka nthawi zonse, makamaka pokwera chitunda ndi katundu, umaloza ku maring'i kapena masilinda odyeka. Injini yanga anailekerera ikulira pang'onopang'ono kwa kanthawi, kenako anati ndiponde. Kunatuluka mtambo wabuluu womwe unaphimba magalimoto a kumbuyo, n'kuyamba kuchepa. Anati zimenezi amazidziwa pa turbo, koma sanafune kugamula.

Anamasula chivundikiro cha pothirira oyilo injini ikulira n'kuchisiya chitangokhala pakamwa pake osamanga. Maring'i akatha, mpweya wa m'masilinda umathawira pansi mu sampu n'kumatuluka mwamphamvu, ndipo chivundikirocho chimavina ngati cha mphika wa nyemba zikuwira, mwinanso kugwa kumene. Changa chinkangonjenjemera ndi kugwedezeka kwa injini, kautsi kakutuluka kochepa. Injini iliyonse ya dizilo imapumako motero. Atachotsa payipi ya breather, yomwe imatulutsa mpweya wa mu sampu, anapeza kuti mkati mwadzaza phala lakuda la oyilo wakale, kabowo kotsala kosalowa ndi chala chaching'ono chomwe. Anaiika pambali osanena kanthu.

Kenako anamasula payipi yapansi ya intercooler, choziziritsira mpweya wochokera ku turbo usanalowe mu injini. Ndinkayembekeza kachinyezi chabe, chifukwa kaoyilo kopyapyala m'mapayipi amenewa sikadabwitsa. Koma panatuluka oyilo woyenderera, wakuda bii, mpaka mnyamata wawo anathamangira kukatenga chitini. Madalawo anandiyang'ana nkhope itasintha. "Usayendetsenso galimoto iyi mpaka titamaliza." Anafotokoza kuti injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oyilo wake womwe. Oyilo wodzadza mu intercooler akakokeredwa m'masilinda nthawi imodzi, injini imathamanga yokha mopitirira muyezo, ndipo kuzimitsa kiyi sikuthandiza popeza sikudaliranso dizilo. Chotsala ndi kuponda buleki, kulowetsa giya yapamwamba n'kusiya kilatchi kuti izime, kapena kutseka polowera mpweya ndi thabwa. Ndi dzanja ayi. Ndikulemba izi chifukwa madalaivala ambiri a malole aang'ono sanauzidwepo, ndipo zikachitika pamsewu umakhala ndi masekondi ochepa.

Atachotsa payipi ya kutsogolo kwa turbo, anagwira kashafiti ka pakati ndi zala ziwiri. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kololedwa, chifukwa shafitiyo imayandama pa oyilo ndipo injini ikazima oyiloyo palibe, bola mapiko ozungulira a turbo asakhudze khoma lake. Koma poikankha mkati n'kuikoka siyenera kumveka kusuntha. Anandigwiritsa ndekha. Inkamveka kuti khe, khe, ndipo pakhoma panali kamzere kowala pomwe mapiko anayamba kupala.

Ine ndinati basi tapeza, tigule turbo. Iwo anakana. "Turbo siifa yokha, pali chimene chaipha. Ukaika ina osachipeza, udzabweranso kuno ukulira." Turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ndipo ilibe silo ya labala yotsekera oyilo, ili ndi timaring'i tachitsulo. Oyilo amalowa ndi mphamvu ya pampu kuchokera pamwamba, koma pobwerera ku sampu amangotsika yekha ndi kulemera kwake. Chilichonse chomutchinga pobwerera chimamukankhira m'mbali, ku intercooler kapena ku ekizozi. Payipi yobwezera oyilo titaichotsa tinapeza kuti inaphwanyika pokhota ndipo mkati munauma makala. Breather yotsekeka ija inkachititsa kuti mu sampu mudzaze mpweya wokankha chokweza. Fyuluta ya mpweya nayo inali yolemera ndi fumbi la m'misewu ya kuminda ya ku Mutoko, ndipo turbo ikamakoka mpweya movutikira imakokera ndi oyilo yemwe. Zinthu zitatu zotchipa zinagwirizana kuwononga chimodzi chodula.

Funso londisowetsa tulo linali lakuti injini yeniyeniyo yavulala kapena ayi. Madalawo anapisa chala choyera mkati mwa payipi yochokera ku fyuluta ya mpweya. Fyuluta ikang'ambika, monga zimachitikira anthu akamaipopa ndi kompuresa mwamphamvu, fumbi limadutsa n'kukapala maring'i ndi masilinda. Chala chinatuluka chopanda mchenga.

Kuyeza kompuresheni, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, kunabwera pambuyo pake. Anatenthetsa injini intercooler itachotsedwa, anazula mainjekita onse, anatseka dizilo, n'kuyeza silinda iliyonse ndi geji ya injini za dizilo, batire ili yodzadza. Pano pali chinthu chomwe ndikufuna eni malole a mu Harare achimve. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mphamvu ya mpweya kuno ndi yochepa ndi 15 peresenti kapena kuposerapo pang'ono. Geji imawerenga motsika kuposa nambala ya m'buku ngakhale injini ili bwino, ndipo makaniko wopupuluma angakuuzeni kuti yatha. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa masilinda, asasiyane kupitirira pafupifupi 10 peresenti. Atatu anafanana, yachinayi inatsikirapo. Mtima unagunda. Koma iwo anatsegula chivundikiro cha matapeti n'kuyeza mipata ya mavavu, ndipo vavu imodzi ya silinda imeneyo inali yothina, yosatsekeka bwino. Ataiseta n'kuyezanso, nambala inakwera kuyandikira zinzake.

Anayezanso mphamvu ya oyilo ndi geji yomangira pa injini, pomwe pamakhala switch ya oyilo, injini itatentha. Kanyali ka pa dashibodi sikodalirika pa nkhaniyi, kamayaka zinthu zitaipa kale. Mphamvu inali yokwanira injini ikulira pang'onopang'ono, ndipo inkakwera bwino ndikaponda.

Chomwe sindinachionepo n'kale lonse ndi kung'amba fyuluta ya oyilo. Sanagwiritse sowo, chifukwa utuchi wake wachitsulo ungasokoneze umboni. Anaboola ndi tchizulo m'mphepete n'kudula ndi sizasi ya malata, anatulutsa pepala la mkati, analifinya ndi nsanza, n'kulitambasula padzuwa. M'makwinya mwake munkanyezimira timadontho tochepa tachikasu, tating'ono kuposa mchenga. Anayendetsa maginito pamwamba, sitinakangamire. Anati ndi mkuwa wa mabering'i a turbo. Zikadakhala zidutswa zotuwa zopyapyala, kapena chitsulo chokangamira ku maginito, nkhani ikadakhala ya mabering'i a crankshaft kapena zina zamkati. Ndinawafunsa kuti, "Madala, mukutsimikiza?" Anati kutsimikiza n'kuona, ndipo kutsitsa sampu sikudula. Tinatsitsa. Pa sefa ya pampu ya oyilo panali phala ndi tizidutswa ta silikoni yomatira magasiketi, zomwe anatsuka. Anamasula bering'i imodzi ya big end, pomwe ndodo ya pisitoni imagwira crankshaft: inali yosalala, yosafika pa mkuwa, ndipo crankshaft inalibe mikwingwirima. Anaibwezera momwe inalili n'kumanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira.

Pa turbo panali njira ziwiri, kugula yakale yochotsedwa pa injini ina m'mashopu a sipeya a ku Kaguvi Street, kapena kupereka yangayo kwa okonza ma turbo kuti aike zamkati zatsopano n'kuibalansa. Ndinasankha yachiwiri, chifukwa yakale sudziwa kuti inadutsa m'zotani. Tinaika payipi zatsopano zonse ziwiri, yobweretsa ndi yobwezera oyilo, fyuluta zatsopano, gasiketi ya matapeti ndi kilampu ya pa vacuum pump. Breather inatsukidwa, intercooler inatsukidwa n'kuumitsidwa mpaka mkati mutauma gwa. Asanalize injini anathira oyilo pabowo la pamwamba pa turbo n'kuzungulitsa shafiti ndi chala, kenako anazungulitsa injini ndi sitata dizilo ali wotseka mpaka kanyali ka oyilo katazima. Tinathira oyilo wa 15W-40 wa injini za dizilo, ndipo anati ndimusinthe msanga ulendo woyambawu kuti atuluke ndi zotsalira.

Tsiku loyamba inkafukabe, ndipo anali atandichenjeza kuti ndi oyilo wotsalira mu ekizozi akupsa. Pofika ku Murewa, panjira ya ku Mutoko, utsi unali utatha. Ndinapitiriza kuyeza pamalo omwe aja, ndipo patatha makilomita 1,000 oyilo anali atatsika pang'ono chabe kuchokera pamzere wapamwamba. Tsopano ndikafika ndi katundu ndimaisiya ilire mphindi imodzi kapena ziwiri ndisanazimitse, kuti oyilo asapserere mu turbo yotentha.

Kautsi kabuluu kamaonekabe pongoliza m'mawa kukazizira, n'kutha pasanathe mphindi. Madalawo akuti ndi masilo a mavavu, ndipo tidzawasintha nthawi yokonzetsa mainjekita ikakwana. Posintha oyilo ulendo ukubwerawu ndidzatunga pang'ono m'kabotolo koyera n'kutumiza ku labu yoyeza oyilo, akaone kuchuluka kwa fumbi, chitsulo ndi mkuwa.