Kusankha njira ya ulendo wokaona madzi oundana ku Alaska

Kwa miyezi itatu tsopano, mapu a gombe la kum'mwera chakum'mawa kwa Alaska, dera la dziko la United States, akhala ali patebulo pathu, ndipo ndawalemba ndi pensulo n'kufufuta kambirimbiri moti malo ena pepala latsala pang'ono kubooka. Ine ndi mayi a kunyumba tinapangana kalekale kuti tikadzakwanitsa zaka 30 tili pabanja, tidzakwera sitima yapamadzi kukaona mitsinje ya madzi oundana, imene m'mabuku a makampani oyendetsa maulendo amailemba kuti glacier. Poyamba ndinkayesa kuti ntchito yaikulu ndi kusankha sitima yabwino, ndipo ndinatsala pang'ono kulipira ulendo wina wotsika mtengo wa masiku 7. Mayiwo anatenga pepala la ndondomeko ya ulendowo, analiwerenga tsiku ndi tsiku akuloza ndi chala, kenaka anandifunsa kuti, "Nanga bambo, madzi oundanawo tikawaona tsiku liti?" Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti sitimayo inkangoima m'madoko, osalowa konse kumene madzi oundana amakumana ndi nyanja. Kuchokera tsiku limenelo ndinaleka kuyang'ana zithunzi za zipinda ndi malo odyera, ndinayamba kuphunzira njira.

Chipale chofewa chikamagwa pamapiri chaka ndi chaka osasungunuka chonse, chapansi chimapsinjika ndi chapamwamba mpaka mpweya wambiri utafinyidwa, ndipo chimasanduka ayezi wolimba amene amatsetsereka pang'onopang'ono m'chigwa chifukwa cha kulemera kwake. Ayezi wothinana choncho amameza kuwala kofiira n'kubweza kwa buluu, n'chifukwa chake ming'alu yake imaoneka yobiriwira ngati kumwamba. Mitsinje ina yotere imathera pamtunda, ina m'nyanja zing'onozing'ono, koma imene ife tikufuna ndi yofika m'nyanja yamchere, pomwe khoma la ayezi limang'ambika n'kugwera m'madzi ndi chiphokoso chonga bingu.

Malo amene andigwira mtima kuposa ena onse ndi Glacier Bay. Mu 1794, pamene gulu la George Vancouver, woyendetsa sitima wa ku Britain, linkayeza gombe limeneli, linapeza malowo atatsekedwa ndi chikhoma cha ayezi, nyanja itangolowa kumtunda pang'ono chabe. John Muir, katswiri wa zachilengedwe, atafika mu 1879, ayeziyo anali atabwerera m'mbuyo makilomita oposa 45, ndipo lero sitima imayenda makilomita oposa 100 pamadzi pamene zaka 250 zapitazo panali pouma gwa ndi ayezi. Ndikaganizira zimenezi ndimaona kuti tsiku la ku Glacier Bay si lokaona khoma limodzi lokha: polowera pali nkhalango yowirira, mukamapitirira mitengo imafupikirafupikira, ndipo kumapeto kuli miyala yokhayokha imene ayezi waisiya posachedwapa. Malowa ali ndi eni ake. Anthu a mtundu wa Huna Tlingit ankakhala kumeneko ayezi asanawathamangitse m'zaka za m'ma 1700, ndipo anakakhazikika ku Hoonah. Mu 2016 anatsegula nyumba ya mtundu wawo ku Bartlett Cove, pafupi ndi polowera, pofuna kusonyeza kuti kwawo sanakuiwale.

Chofunika kwambiri kwa munthu wokonza ulendo n'chakuti boma la United States, kudzera ku National Park Service, nthambi yoyang'anira mapaki otetezedwa ngati Glacier Bay, limalola sitima zikuluzikulu ziwiri zokha patsiku kulowa mu Glacier Bay, ndipo si makampani onse amene ali ndi chilolezo. Choncho dzina la malowa likapanda kulembedwa poyera pa ndondomeko, ndiye kuti sitimayo sikalowa, ngakhale chikuto cha bukhu lotsatsa chitakhala ndi zithunzi zokongola chotani. Sitima zimene zimalowa nthawi zambiri zimakaima patsogolo pa Margerie Glacier, wotalika makilomita pafupifupi 34, ndipo khoma lake limatalika mamita pafupifupi 60 pamwamba pa madzi. Woyendetsa sitima amaitembenuza pang'onopang'ono kuti a mbali zonse ziwiri aone. Pafupi pomwepo pali Johns Hopkins Glacier, koma njira yake imatsekedwa kwa sitima zikuluzikulu mpaka kumapeto kwa Ogasiti pofuna kuteteza nyama za m'madzi zotchedwa seal, zimene zimaberekera ana pa zibenthu za ayezi zoyandama.

Wachiwiri pa mndandanda wanga ndi Hubbard Glacier, pafupi ndi Yakutat, amene ndi wamkulu kuposa onse ofika m'nyanja yamchere ku North America. Amayambira ku Yukon m'dziko la Canada n'kuyenda makilomita pafupifupi 122, ndipo mosiyana ndi ambiri a ku Alaska amene akuchepa, iye wakhala akusendera kutsogolo, moti mu 1986 komanso mu 2002 anatseka pakamwa pa Russell Fjord, mkono wa nyanja wolowa pakati pa mapiri, n'kuusandutsa nyanja yotsekeka kwa kanthawi. Vuto lake n'lakuti zibenthu za ayezi ndi chifunga nthawi zina zimaimitsa sitima patali. Zimenezi zimachitikanso ku Endicott Arm, njira yopapatiza ya pakati pa mapiri yopita ku Dawes Glacier. Pa chifukwa chimenechi ndinatsimikiza kuti ulendo wathu ukhale ndi masiku awiri a madzi oundana, kuti limodzi likalephereka lina litipepese. Mendenhall Glacier wa ku Juneau ndi wosavuta kufikako pa basi, makilomita pafupifupi 20 kuchokera padoko, koma amathera m'nyanja yaing'ono ndipo wabwerera m'mbuyo kwambiri, choncho ndimamuwerenga ngati chowonjezera chabe.

Nkhani ya doko lonyamukira inanditengera nthawi. Maulendo ochokera ku Seattle n'kubwerera komweko amachepetsa mtengo wa ndege, koma kawirikawiri amadutsa kunja kwa chilumba cha Vancouver, kumene kuli mafunde a nyanja yaikulu. Ochokera mumzinda wa Vancouver nthawi zambiri amadutsa m'kati mwa zilumba, m'njira ya madzi abata yotchedwa Inside Passage. Ndiye pali maulendo opita mbali imodzi, ochokera ku Vancouver kukathera ku Seward kapena ku Whittier, madoko amene amalumikizana ndi Anchorage pa msewu ndi pa njanji, ndipo ena mwa amenewa ndi amene amaphatikiza Glacier Bay ndi Hubbard. Kuti afike kumeneko amawoloka Gulf of Alaska, komwe sitima imagwedezeka, ndipo popeza mayi a kunyumba sachedwa kuchita chizungulire pamadzi, tinakambirana nkhaniyi usiku wathunthu. Iwo ndi amene anaimaliza ponena kuti tsiku limodzi la mseru angalipirire, bola akaone zonse ziwiri.

Pali lamulo lina la United States la mu 1886 limene limakhudza ulendowu ngakhale ambiri salidziwa. Limaletsa sitima zolembetsedwa m'mayiko ena kunyamula anthu pakati pa madoko a dzikolo popanda kukhudza doko lakunja, ndipo n'chifukwa chake sitima za ku Seattle zimaima ku Victoria, ku Canada, ngakhale kwa maola ochepa a madzulo. Kwa munthu amene pasipoti yake imafuna viza, zimenezi zikutanthauza kuti afunika ziwiri, ya United States ndi ya Canada, ngakhale asakufuna kutsika m'sitima. Ndikuona kuti n'kwanzeru kuyamba ndi maviza, kapena kusankha tikiti imene ndalama zake zimabwezedwa, munthu asanalipire zonse.

Nyengo ya maulendowa imayamba cha mu Meyi n'kutha cha mu Seputembala. Dera limeneli ndi la mvula yambiri, moti ku Ketchikan imagwa yoposa mamita 3 pachaka, koma Meyi ndi Juni amakhala ouma pang'ono poyerekeza ndi Seputembala. Tasankha Juni, podziwa kuti Johns Hopkins tikamuonera patali, chifukwa mwezi umenewo ku Juneau kumawala maola pafupifupi 18 ndipo anangumi amakhala atabwera kuchokera ku Hawaii kudzadya.

Za chipinda sindinachedwe nazo. Chokhala ndi khonde n'chokwera mtengo kwambiri, pamene malo abwino oonera ndi pabwalo la pamwamba kapena kutsogolo kwa sitima, kumene aliyense amaloledwa. Tasankha cha windo, chapakati pa sitima komanso chapansi kumene sikugwedezeka kwambiri, ndipo madola amene tapulumutsa tawasungira kaboti kakang'ono kokaona anangumi ku Juneau ndi inshuwalansi yolipira chithandizo cha kuchipatala, chifukwa munthu akadwala kwambiri panyanja amanyamulidwa pa ndege ndipo mtengo wake ndi woopsa. Pa mtengo wotsatsidwa pamawonjezekanso misonkho ya madoko ndi ndalama yothokozera antchito imene amadula tsiku lililonse.

Pafupi ndi khoma la ayezi pamatsika mphepo yozizira yolowa m'mafupa ngakhale dzuwa likuwala, choncho sabata yatha tinayala zovala pabedi n'kuyesa kuvala mosanjikiza: malaya othina a m'kati, juzi ya ubweya, ndi jekete yosalowa madzi pamwamba. Ndinapeza kuti magulovu anga ndi okhuthala kwambiri moti sindingathe kutembenuza magalasi oonera patali, ndipo ndagula ena opyapyala.

Chimene chikundivutabe mumtima ndi kuchuluka kwa alendo. Juneau ndi mzinda wa anthu pafupifupi 32,000, koma umalandira anthu a pa sitima oposa miliyoni imodzi ndi theka pachaka, ndipo kuyambira mu 2024 anagwirizana ndi makampani kuti sitima zikuluzikulu zisapitirire zisanu patsiku. Nafenso tikawonjezera chiwerengerocho, ndipo chimene tingathe n'chochepa: kusankha sitima yocheperako ndi kugula kwa eni malo.

Mafomu a maviza ali pambali pa mapu, ndipo tikamaliza nawo tilipira ulendo wa Vancouver mpaka Whittier. Tsiku la ku Glacier Bay ndalizunguliza ndi inki. M'mawa wa tsiku limenelo ogwira ntchito m'paki amabwera pa kaboti kuchokera ku Bartlett Cove n'kukwera m'sitima pa makwerero a chingwe, sitimayo ikuyenda, kuti akhale ndi alendo tsiku lonse akufotokoza za malowo. Tagwirizana kuti tidzadzuka m'mamawa kuti tikawaone akukwera.