Gasiketi ya hedi ikapsa, yambani mwayeza hediyo

Mlungu uno kugalaja kwathu ku Ulongue kwadzaza timathirakitala ta matayala awiri, poti alimi a mbatatesi ndi kabichi kuno ku Angónia akufuna kugalauza minda mvula isanagwe. Yomwe yatidyera nthawi ndi injini ya dizilo ya silinda imodzi, S195, ija yokhala ndi thanki ya madzi yosatseka pamwamba.

Lolemba vuto linaonekeratu tisanagwire sipanala. Injini ikalira, madzi a m'thanki ankatulutsa thovu, utsi unali woyera, oilo atatuwa ngati tiyi wamkaka. Popukusa handulo, injini inkazungulira mopepuka kwambiri, kusonyeza kuti mphamvu ikuthawira pa gasiketi, chotseka mpata pakati pa hedi (chivundikiro cha silinda) ndi buloko (thunthu la injini). Tinadikira kuti izizire, tinakhetsa madzi ndi oilo, ndiye tinachotsa sefa ya mpweya, ekizozi, paipi ya dizilo yopita ku nozulo (yopopera dizilo mu silinda), chivundikiro cha mavalavu ndi ndodo ziwiri zokankha mavalavuwo. Manati anayi a hedi timamasula pang'onopang'ono mopingasa, chifukwa kumasuliratu limodzi ena adakali olimba kumapinda chitsulo.

Gasiketi inali itapsa pakati pa silinda ndi bowo la madzi, pali kanjira kakuda ka mwaye. Ambiri akafika apa amangogula yatsopano nkumanga, ndipo siikhalitsa. Lachiwiri tinapala zotsalira zonse mosakanda chitsulo, kenako tinagoneka rula yachitsulo pa hedi m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, tikulowetsa fila geji (timalata topyapyala toyezera mpata) pansi pake. Ya 0.05 mm ikamakana kulowa, hedi ili bwino. Apa inalowa ya 0.15 mm, choncho hedi inatumizidwa ku Tete kuti akaisalaze pa makina. Tinayezanso mlomo wa laina (paipi yachitsulo yomwe pisitoni imayendamo), womwe umayenera kutulukirako pang'ono pamwamba pa buloko mofanana mbali zonse. Laina ikamira, ngakhale gasiketi yabwino bwanji singagwire.

Chopinda hedi nthawi zambiri ndi madzi. Thanki imeneyi imaziziritsa injini mwa kuwira, motero madzi amatha tsiku lililonse. Woyendetsa akaiwala kuonjezera, hedi imatentha mopitirira, ndiye potsirapo madzi ozizira mwadzidzidzi imapindika kapena kung'aluka. Madzi amatope a m'dimba nawonso amaundana m'njira za madzi. Mu injini iyi tinakokolola dothi louma lodzaza dzanja.

Hedi itabwera Lachisanu, tinatsuka mazinga a masitadi (mabauti omangapo manati a hedi), tinaika gasiketi yatsopano youma, yopanda silikoni, titaonetsetsa kuti mabowo ake akugwirizana ndi a madzi. Manati tinamanga ndi sipanala ya toki (yoyeza mphamvu yomangira) m'magawo atatu, mopingasa, mpaka mulingo wolembedwa m'buku la injiniyo. Kumanga ndi paipi yoonjezera pa sipanala kumatamula masitadi, chonde musatero. Mavalavu tinawatchera injini ili yozizira: mpata wa 0.35 mm pa valavu yolowetsa mpweya, 0.45 mm pa yotulutsa utsi.

Loweruka tinathira oilo watsopano ndi madzi oyera, injini inalira ola lathunthu popanda thovu. Itazizira tinabwerezanso kumanga manati ndi kutchera mavalavu, popeza gasiketi yatsopano imaphwa ikatentha koyamba. Mwini wake tamuuza abwere nayo pakatha masiku ochepa akulima, kuti tidzasinthenso oilo, chifukwa madzi otsalira mkati sachoka ulendo umodzi.