Lachisanu lathu la pamkeka ku Nkhotakota

Inu a gulu lathu la chilimba (kusonkha ndalama n'kumapatsana mosinthana) amene munatsala ku Matero mu Lusaka mwakhala mukufunsa kuti bwanji zithunzi zonse za Lachisanu n'za anthu ogona pamkeka. Ndifotokoze lero, nkhaniyi ilowe m'buku la gulu.

Papepala la amlembi, tsikuli linali lokaona njovu kunkhalango ya Nkhotakota, kumene anasamutsirako njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Minibasi inali itamwa kale mafuta. Koma podzuka tinapeza agogo athu ogulitsa tomato pamsika wa Soweto mu Lusaka atayala mkeka pansi pa mango. "Ana anga," anatero, "zaka zonsezi ndimadzuka nkhuku zisanalire kuthamangira malole. Lero miyendo iyi sikwera kanthu." Amlembi anakana ndithu, pepala lili m'manja, ati ndalama za chilimba sitinasonkhere tulo. Asungichuma nawo n'kuyamba kuwerengera za mafuta mokweza. Mawu anakwera, sindibisa. Amene anaweruza mlanduwu ndi amayi apakhomo: anangobwera ndi chinangwa chophika ndi ketulo ya tiyi, n'kuika pakati pathu osanena kanthu. Chinangwa chisanathe, amlembi anali atavula nsapato.

Ntchito imene tinapitira tinamaliza Lachinayi. Anzathu a banki mkhonde anationetsa bokosi lawo la maloko atatu, makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndiponso mmene amagulira masheya, kubwerekana, n'kudzagawana pakutha pa chaka. Ife tinawafotokozera za chilimba. Tinakaonanso mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mfumu yochita malonda a akapolo, mu 1863.

Tsono chakudya chamasana! Asodzi atakocheza ngalawa, apampando anatsikira kugombe okha n'kubwera ndi chambo chimene chinali chikuphiriphithabe. China tinaotcha pamakala, china anaphika ndi tomato ndi anyezi basi, chifukwa nsomba yotuluka kumene m'madzi siifuna zambiri. Nsima inali ya kondowole. Amayi apakhomo anatifotokozera kuti chinangwa amachiviika m'madzi masiku angapo, n'kuchiyanika, kenaka n'kusinja. Nsima yake imatamuka, ndipo adalaivala athu, ozolowera ufa wamuchigayo, analimbana ndi mbamu yoyamba mpaka ana apakhomopo anagubuduka ndi kuseka. Anadya mitanda itatu. Dzina lija mukumva tikuwaitana, "a Kondowole", linabadwira pamenepo. Mkangano wa usipa ndi kapenta wa ku Siavonga sunathe. Ine ndinaima kumbali ya usipa ndipo sindisuntha.

Titadya, aliyense anachita zake. Ena ankalukana tsitsi, ena anaphunzira bawo kwa agogo aamuna apamudzipo, amake mapasa anagona tulo mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinakhala pamchenga mapazi ali m'madzi. Patali panyanja panakwera chinthu ngati utsi, ndipo mtsikana wina anandiuza kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka timene amakola n'kupanga ndiwo. Ndipamene agogo anadzakhala pafupi nane n'kuyamba kusimba za malemu amuna awo, mmene anafikira mu Lusaka kuchokera ku Katete ali ndi sutikesi imodzi. Takhala limodzi m'gululi nthawi yaitali, timakumana mwezi uliwonse, koma nkhani imeneyo ndinali ndisanaimvepo. Misozi inalengeza tonse awiri.

Zikomo amayi apakhomo ndi banja lonse, zikomo amfumu potilandira ngati ana apamudzi, zikomo asungichuma posunga malisiti ngakhale a chimbudzi cha pamalire a Mwami. Amlembi, zikomo pogonja. Njovu tidzaziona ulendo wina.

Loweruka tinanyamuka kusanache, kudzera ku Salima, Lilongwe, Mchinji ndi Chipata, ndipo pamlatho wa Luangwa tinadutsa kutada. Amene munatenga thumba la ufa wa kondowole lomangidwa ndi chitenje chobiriwira, ndi la agogo. Mubwere nalo pamsonkhano wa Lamulungu.