Mutu 7 watha, komanso ndapeza poika nkhani yanga

Dzulo usiku ndamaliza mutu 7 wa fan fiction yanga ija. Theka lake ndinalembera pa foni mu taxi pobwerera ku Rosettenville kuno ku Joni kuchokera kuntchito, theka linalo nditafika kuchipinda ketulo ili pamoto. Kwa amene mwangondipeza kumene, fan fiction ndi nkhani zomwe timalemba potenga anthu a m'sewero kapena m'buku lomwe timalikonda nkuwapatsa moyo wina womwe eni ake sanauganizire. Ine ndinatenga mayi wina wa m'sewero la pa TV lakunoko, amangooneka akukolopa m'nyumba ya mabwana osayankhula kanthu, ndiye ndinampanga kukhala wa ku Mulanje, ndinampatsa ana awiri omwe anawasiya ndi agogo awo. Mu mutu 7 ali pa Park Station akutumiza katundu kumudzi, chithumba chokulunga selotepu mbali zonse, akulemba dzina la mwana wake ndi maka manja akunjenjemera. Polemba pamenepo misozi inalengeza, sindinama.

Koma chomwe chandidya mutu mwezi wonsewu ndi poika. Ndinayamba ndi Facebook poti ndi komwe kuli anthu akwathu ambiri ndipo nkhani za Chichewa zimawerengedwa kwambiri kumeneko, kungoti nkhani yaitali siikhala bwino, munthu akakupeza pa mutu 5 ayenera kutsika pansi mpaka chala kutopa kuti apeze mutu 1. Wattpad ndinaiyesanso, ija yaku Canada inayamba 2006, pa foni ndi yophweka ndipo owerenga amatha kukomenta pa ndime iliyonse, zimakoma kuona pomwe munthu anasekera. FanFiction.net ilipo kuyambira 1998, kumeneko ndimangopita kukawerenga zakale basi.

Ndathera pa Archive of Our Own, ambiri amangoti AO3. Amaiyendetsa ndi a Organization for Transformative Works, bungwe losapanga phindu, anthu ongodzipereka ndipo ndalama zimachokera ku zopereka za owerenga, ndiye mulibe zotsatsa malonda. Inatsegulidwa kwa anthu mu 2009 ndipo mu 2019 inapata Hugo, mphoto yotchuka ya zolembalemba. Akaunti sumangotsegula pompo, umaika imelo yako pamzere nkudikira akutumizire invitation. Ma tag ake ndinawakonda, umalemberatu kuti muli maliro, muli nkhanza, kuti wina asadzidzimuke ali mkati mowerenga.

Koma kunena zoona si zonsezo zomwe zinandikopa. Ndi kabatani kamodzi kolembedwa Download.

Owerenga wanga woyamba ndi achemwali anga ku Ndirande, ndipo iwo amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ya intaneti yonse ndi yodula sangamaigule chifukwa cha nkhani zanga. Ndikawatumizira link siitseguka, amangoyankha kuti "iwe, zakozi zikungozungulira". Ndiye pa AO3 ndikaposita mutu ndimadina kabatani kaja, nkhani yonse imatsika ngati PDF kapena EPUB, mitu ili mundondomeko yake, ine nkuwaponyera pa WhatsApp ngati fayilo wamba, kakang'ono zedi kosafika ngakhale chithunzi chimodzi chaukwati. Ikalowa m'foni yalowa, kaya netiweki yathawa kaya bandulo yatha amawerengabe. Sabata yatha anandiuza kuti amawawerengera mokweza azimayi anzawo pa saluni pomwe amaluka tsitsi, ndipo mayi wina anakwiya kuti bwanji mwamuna wa m'nkhaniyo sakuyankha foni. Achemwali anandijambulira voice note phokoso lonse la pa saluni likumveka, ndaimvera kanayi.

Ndikudziwa kuti pa AO3 owerenga Chichewa ndi ochepa, ma kudos anga, omwe ali ngati ma like a kumeneko, ndi owerengeka ndi zala, koma kumeneko ndi kosungira, nkhani ili malo amodzi ngakhale foni itabedwa mawa. Anthu anga enieni ikuwafika kudzera pa WhatsApp.

Zatsala: kukonza mitu 1 mpaka 3 yomwe ndinalemba mothamanga, ndinasakaniza Chingerezi chambiri m'zoyankhula za agogo pomwe agogo a ku Mulanje sayankhula choncho. Mutu 8 ndiyamba Lamulungu ndikachoka ku tchalitchi, thumba lija lifike ku Wenela tione amene akalilandire.